Kusewera magemu akale pa makina a m'manja: yambani ndi gemu, makina abwere pambuyo

Mwatsegula katoni imene inakhala zaka zambiri osakhudzidwa, ndipo mwapezamo makatiriji asanu kapena asanu ndi awiri, ena afumbi, ina pepala lake linachita kusupuka. Mtima wayamba kale kudumpha, mukufuna kusewera lero lomwe. Apa m'pamene anthu ambiri amagula mbereko mwana asanabadwe. Amathamangira makina atsopano poganiza kuti chatsopano chimawerenga zonse zakale, kenako n'kupeza kuti katiriji ija ilibe n'polowera pomwe. Makina a m'manja nthawi zambiri amazindikira kholo lawo lokha, mwa apo ndi apo agogo awo, koma kupitirira pamenepo amachita ngati sadziwana. Choncho yalani magemuwo patebulo kaye, tiyambire pamenepo.

Choyamba: dziwani chimene mwagwira m'manja

Makatiriji a banja la Game Boy, makina a m'manja a kampani ya Nintendo, ndi amene amasokoneza kwambiri chifukwa ambiri amangoti onse ndi a Game Boy. Alipo a mitundu inayi. Otuwa, aakulu pang'ono, ndi a Game Boy yoyamba ya 1989. Akuda a msinkhu womwewo anabwera ndi Game Boy Color mu 1998, ndipo amasewereka pa makina onse awiri, kungoti pa Color amatuluka ndi mitundu. Oonekera mkati, amene mumatha kuona timawaya take, ndi a Game Boy Color yokha. Aafupi, otambalala ngati kabokosi ka machesi, ndi a Game Boy Advance ya 2001.

Mtundu wa pulasitiki usakupusitseni, chifukwa magemu ena, makamaka a Pokémon, anapangidwa ofiira, achikasu, agolide ndi asiliva. Yang'anani pakona yakumanja, pamwamba. Ngati pali podulidwa ngati wina anabenthulapo, katirijiyo imalowa pa Game Boy yoyamba. Podulidwapo m'pamene pamalowa kachitsulo ka batani loyatsira. Katiriji ya Color yokha ilibe podulidwa, ndiye ukaiika pa makina a 1989 batani loyatsira limakana kusuntha. Anapanga dala choncho.

Za DS, makina a Nintendo a masikirini awiri, ndi timakhadi tating'ono, tambiri totuwa moderako. Za 3DS, imene inabwera pambuyo pa DS, zimafanana nazo, koma zili ndi kamphuno kotulukira kumanja, komwe kamaziletsa kulowa mu DS. Ngati mwapeza kachimbale kakang'ono kotsekeredwa m'chikhokhombe cha pulasitiki, imeneyo ndi UMD ya PSP, makina a m'manja a kampani ya Sony. Lembani pa pepala kuti mtundu uliwonse muli ndi angati. Mulu umene wachuluka ndi umene usankhe makina, osati zimene mwaona akutsatsa.

Chachiwiri: mvetsani mmene makina atsopano amasewerera gemu yakale

Njira zake ndi zitatu, ndipo kuzidziwa kumakuthandizani kuneneratu zimene zingavute. Njira yoyamba n'kuika ubongo wa makina akale mkati mwa atsopano. Game Boy Advance ili ndi pulosesa ya Game Boy mkati, ndipo pakhomo lolowetsera katiriji pali kabatani kobisika komwe katiriji yakale imakankha ikamalowa. Pamenepo makinawo amasanduka Game Boy Color yeniyeni. Njira imeneyi ndi yodalirika kuposa zonse. Njira yachiwiri ndi pulogalamu yotsanzira makina akale, imene amaitcha emulator. Apa katiriji yanu ilibe ntchito, gemuyo mumaipeza pa intaneti kudzera m'sitolo ya kampaniyo kapena mwa kulipira umembala. Njira yachitatu ndi yomasulira: gemu imalankhula chinenero cha makina akale, pulogalamu ina n'kumamasulirira makina atsopano nthawi yomweyo. Makina atsopano monga Steam Deck ndi Nintendo Switch 2 amadalira kwambiri njira imeneyi, n'chifukwa chake magemu ambiri amayenda bwino koma ena amapunthwa.

Chachitatu: gwirizanitsani mulu wanu ndi makina

Ngati makatiriji anu ndi osakanikirana, otuwa, akuda, oonekera ndi aafupi aja, funani Game Boy Advance kapena Game Boy Advance SP ya 2003. Zimenezi zimasewera mitundu yonse inayi. Ine ndimakondera SP chifukwa ili ndi nyale pa sikirini ndi batire lotchaja, ngakhale ilibe polowetsa mahedifoni pokhapokha mutapeza kolumikizira kake. Chenjerani ndi Game Boy Micro ya 2005. Dzina lake limanamiza: imasewera za Advance zokha, katiriji yotuwa siilowamo. Palinso Analogue Pocket ya 2021, yopangidwa ndi kampani ina, yomwe imawerenga makatiriji enieni a Game Boy, Color ndi Advance, ndipo ndi kolumikizira kogula padera imawerenganso a Game Gear.

Ngati mwachulutsa za Advance ndi za DS, makina anu ndi DS yoyamba ya 2004 kapena DS Lite ya 2006. Zili ndi makomo awiri, lapamwamba la timakhadi ta DS, lapansi la makatiriji a Advance. Koma DS siwerenga za Game Boy yoyamba kapena za Color ngakhale pang'ono. DSi, imene inatuluka ku Japan mu 2008, inachotsa khomo lapansi lija. Anthu ambiri amagwa m'mbuna pamenepa chifukwa DSi ndi DS Lite zimafanana zikatsekedwa. Itembenuzeni muone kumunsi. Ngati palibe khomo lalikulu, makatiriji anu a Advance akhala manja lende.

Banja la 3DS, kuyambira 2011, pamodzi ndi 2DS ndi New 3DS, limawerenga pafupifupi timakhadi tonse ta DS. Amene amavuta ndi magemu ofuna chinthu cholowa pakhomo lapansi la DS, monga chogwirira cha Guitar Hero: On Tour. Magemu a Game Boy ankagulitsidwa pa 3DS kudzera mu eShop, koma sitolo imeneyi inasiya kugulitsa mu March 2023. Tanthauzo lake n'lakuti mukagula 3DS yakale yokhala ndi magemu otere mkati, musafulumire kuifufuta kuti ikhale ngati yatsopano. Mukatero simudzawagulanso.

Kumbali ya Sony nkhani ndi yachidule. UMD imalowa mu PSP yokha, ndipo si PSP iliyonse: PSP Go ya 2009 ilibe poika chimbale. PS Vita, imene inalowa m'malo mwa PSP, nayonso ilibe. Vita imasewera magemu ambiri a PSP ndi a PlayStation yoyamba, koma okhawo ochita dawunilodi kuchokera ku PlayStation Store pa akaunti yanu, ndipo Vita yoyamba imafuna memori khadi yakeyake ya Sony, osati microSD wamba. Ngati muli ndi mulu wa ma UMD, musavutike, funani PSP. Musanaiyatse tsegulani kumbuyo muone batire. Likakhala lotupa mpaka chitseko chake kukana kutsekeka, lichotseni, musalitchajenso.

Nintendo Switch ya 2017 siwerenga katiriji iliyonse ya makina akale. Magemu akale mumawapeza mukalipira umembala wa Nintendo Switch Online. Umembala wamba uli ndi a NES, Super NES ndi Game Boy, pomwe a Game Boy Advance, Nintendo 64 ndi Mega Drive ali mu gawo lowonjezera la Expansion Pack. A Game Boy ndi Advance analowamo mu February 2023. Muli zabwino zimene katiriji ilibe, monga kubwezera gemu m'mbuyo mukalakwitsa ndi kuseva paliponse. Komabe ndi magemu okhawo amene kampaniyo yasankha, makina amafunika kulumikizidwa pa intaneti kamodzi pa masiku 7 kuti atsimikizire umembala, ndipo mukasiya kulipira khomo limatsekeka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Gemu imene mumaikondadi, katiriji yake musagulitse chifukwa choti mwaiona pa Switch.

Chachinayi: onani chigawo

Makatiriji a Game Boy, Color, Advance ndi timakhadi wamba ta DS alibe malire: ya ku Japan imasewereka pa makina a ku Europe kapena ku America. Magemu a 3DS ndi otsekeredwa m'chigawo chawo, chimodzimodzi magemu a DS amene ali ndi mbali zapadera za DSi mukawaika mu DSi kapena 3DS. Musanagule 3DS, yerekezani chigawo chake ndi cha timakhadi tanu.

Chachisanu: tsukani katiriji musanaiweruze

Mwaika katiriji, mwayatsa, koma dzina la Nintendo latuluka lophwanyikaphwanyika ngati nyerere zadutsapo, kapena pangotuluka mzere wakuda. Musathamangire kunena kuti yafa. Nthawi zambiri ndi timano tagolide ta m'munsi mwa katiriji tomwe tachita litsiro. Tonsefe tinakula tikuuziramo mpweya ndi pakamwa, koma mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyontho chimene chimadyetsa dzimbiri. Chimene chinkathandiza si kuuzirako, kunali kuchotsa ndi kubwezeretsa katirijiyo.

Tengani kathonje ka pakamtengo, mukaviike pang'ono mu isopropyl alcohol ya 90 peresenti kapena kuposa. Pukutani timanoto uku ndi uku. Mudzaona thonje likuda. Tengani lina, bwerezani mpaka lituluke loyera, kenako dikirani mphindi zingapo kuti paume. Musagwiritse ntchito madzi, ndipo musapale ndi mpeni kapena sandipepala chifukwa golideyo ndi wopyapyala kwambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha: katiriji ina imadzuka pa ulendo wachitatu. Ngati makatiriji onse akukana mofanana, vuto lili pakhomo la makinawo. Nyowetsani timano ta katiriji yoyera ndi mankhwala omwewo, makina ali ozimitsa, muilowetse ndi kuitulutsa kangapo.

Mukadali pompo onaninso ngati katirijiyo ndi yeniyeni. Za Advance zabodza n'zambiri. Yeniyeni imakhala ndi timanambala todindidwa molowa pa pepala lake, tooneka mukapendeketsa pa kuwala, ndipo mukasuzumira pamwamba pa timano mumaona dzina la Nintendo lolembedwa pa bolodi. Yabodza imatha kusewereka ndithu, koma imakonda kutaya zimene mwaseva.

Chachisanu ndi chimodzi: tetezani zimene munaseva

Apa ndichedwapo, chifukwa gemu mutha kugula ina, koma maola amene munathera pa gemuyo sagulidwa. Makatiriji ambiri a Game Boy ndi Color amasunga zimene mwaseva m'kachipangizo kofuna magetsi nthawi zonse, ndipo magetsiwo amachokera ku kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kowotchereredwa pa bolodi. Kawirikawiri ndi CR1616 kapena CR2025, ndipo nambalayo imalembedwa pa batirepo kapena pa bolodi. Kakatha mphamvu, zonse zimafufutika. Pokémon Gold ndi Silver amadziwika ndi vutoli chifukwa ali ndi wotchi mkati imene imadya batire usana ndi usiku.

Yesani motere. Yambani gemu, sevani, zimitsani, chotsani katiriji, muisiye usiku wonse. M'mawa ngati gemu ikukupatsani mwayi wopitiriza, batire lidakali moyo. Ngati ikungoti yambani kumene, latha.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Ndinali ndi katiriji imene inasungabe masewera anga a ubwana, dzina langa lachibwana lili pomwepo. Ndinaganiza zoichitira chifundo poika batire latsopano lakale lisanathe. Ndinamasula, ndinasungunula mtovu, ndinachotsa lakale, ndinaika latsopano mwaukhondo, ndikudzitama mumtima. Nditayatsa ndinangoti kukamwa yasa. Gemu inandilandira ngati mlendo. Mphindi yomwe ndinachotsa batire lija ndi imene zonse zinauluka, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe. Choncho ngati muli zinthu zimene mukuzifuna, zikopereni kaye pa kompyuta. Pali tizipangizo towerengera makatiriji tolumikiza pa USB tomwe timakopera zosevedwazo n'kudzazibwezeretsa mukamaliza. Mukatero m'pamene mutsegule. Katiriji ya Game Boy imafuna chomasulira chapadera cha gamebit cha 3.8 mm, ya Advance imafuna cha nsonga zitatu. Gulani batire lokhala kale ndi timapiko towotcherera, onetsetsani mbali ya + ndi ya -, ndipo ngati simunawotcherepo zinthu zamagetsi perekani kwa wodziwa. Kumata ndi tepi kumagwira sabata imodzi, katiriji ikagwa kamodzi zonse zapita.

Za Advance zambiri sizidalira batire posunga. Pokémon Ruby, Sapphire ndi Emerald zikakuuzani kuti batire la mkati latha musachite mantha: zosevedwa zanu zili bwino, chimene chaima ndi wotchi yokha, ndiye zipatso za m'gemumo sizikula. Timakhadi ta DS ndi 3DS timasunga popanda kudalira batire.

Chachisanu ndi chiwiri: konzani chithunzi

Gemu yakale inajambulidwira sikirini ya msinkhu wina, ndiye pa makina atsopano imatha kuoneka yotambasuka kapena yambuu. Sikirini ya Game Boy ndi ya timadontho 160 ndi 144, ya Advance ndi 240 ndi 160. Mukaika katiriji yakale mu Advance, batani la L limatambasula chithunzi kudzaza sikirini, la R limachibwezera mmene chinalili. Ine ndimasiya pa R, chifukwa pa L anthu a m'gemumo amaoneka ngati akhuta kwambiri. Pa Color kapena Advance mutha kusankhanso mitundu ya gemu yotuwa: dzina la Game Boy likamaoneka poyatsa, dinani mbali ina ya batani lamtanda, palokha kapena pamodzi ndi A kapena B. Kumanzere pamodzi ndi B kumapereka zakuda ndi zoyera basi.

Pa DS, lowani m'zokonzera musankhe sikirini yapamwamba kapena yapansi yoonetsera magemu a Advance. Pa 3DS, gwirani Start kapena Select pamene mukutsegula gemu ya DS, musasiye mpaka itayamba. Chithunzi chimachepa koma chimakhala chakuthwa, chifukwa chikuoneka pa 256 ndi 192 monga chinapangidwira. Pa Vita zinthu zinakhala bwino mwachibadwa: sikirini yake ya 960 ndi 544 ndi kuwirikiza kawiri ndendende 480 ndi 272 ya PSP. Gemu ya PSP ili mkati, gwirani chala pa sikirini kwa kanthawi, patuluka pokonzera pomwe mungapatse ntchito kandodo kakumanja kamene PSP inalibe.

Dziwaninso zimene zimatsalira m'njira. DS ilibe polumikiza chingwe cha Advance, ndiye magemu a Advance mumasewera nokha, kusinthana ndi mnzanu kulibe. Kusewera magemu a DS pa intaneti kunatsekedwa mu May 2014, ndipo kwa 3DS kunatha mu April 2024. Kusewera ndi mnzanu amene mwakhala naye pafupi kumathekabe.

Chachisanu ndi chitatu: kwa amene akusamukira ku Switch 2 kapena Steam Deck

Switch 2 inatuluka pa 5 June 2025 ndipo imawerenga timakhadi tambiri ta Switch yoyamba komanso magemu ochita dawunilodi. Musanagulitse Switch yakale chitani zinthu zitatu. Fufuzani dzina la gemu iliyonse imene mumaidalira pa tsamba la Nintendo loonetsa magemu amene akuyenda ndi amene ali ndi vuto. Samutsani zosevedwa, chifukwa pa Switch sizikhala pa khadi la gemu koma mkati mwa makina. Njira yosavuta n'kuika makina awiriwa pafupi n'kutsatira zimene Switch 2 imakufunsani mukamaiyatsa koyamba. Chachitatu, sungani ma Joy-Con akale, zogwirira zija zomata m'mbali mwa Switch. Atsopano alibe kakamera ka infrared ndipo ndi aakulu, choncho gemu ngati Ring Fit Adventure imafunabe akalewo. Amalumikizika popanda chingwe, koma samamatira pa Switch 2, ndiye mufunika njira ina yowatchajira. Memori khadi yanu yakale siisunga magemu pa makina atsopanowa, amafuna microSD Express. Magemu a GameCube a mu Expansion Pack ali pa Switch 2 yokha.

Steam Deck ya Valve, ya 2022, ndi kompyuta ya m'manja yoyendera Linux, ndipo magemu a Windows imawasewera kudzera mu chomasulira chotchedwa Proton. Yang'anani chizindikiro pa gemu iliyonse: chobiriwira cha Verified ndiye kuti zonse zili bwino, chachikasu cha Playable ndiye kuti imayenda koma mwina zilembo n'zazing'ono kapena mufunika kutulutsa kiyibodi ya pa sikirini, Unsupported ndiye kuti pamene ankaiyesa inali ndi vuto lalikulu. Gemu yakale ikakana kutseguka, lowani mu Properties, kenako Compatibility, musankhe Proton ina, yakale kapena Experimental, muyesenso. Pa tsamba la intaneti la ProtonDB osewera anzanu amalemba zimene zinawathandiza pa gemu iliyonse. Magemu ambiri akale a pa kompyuta anapangidwira mausi, ndiye gwiritsani ntchito timabwalo tokhudza tili m'munsi mwa tindodo, kapena tengani kakonzedwe ka mabatani kamene ena anapanga kale. Amene amakanika kawirikawiri ndi magemu a pa intaneti okhala ndi mapulogalamu oletsa chinyengo amene sagwirizana ndi Linux. Za kutenga magemu pa masamba osavomerezeka sindilowamo. Malamulo a umwini amasiyana dziko ndi dziko, ndipo masamba oterowo ndi amene amabwera ndi mavairasi.

Tsiku logula makina ogwiritsidwa kale ntchito

Nyamulani makatiriji anu otsuka kale, imodzi ya mtundu uliwonse umene mukufuna kusewera. Pa DS Lite yesani makomo onse awiri, chifukwa lapansi limakhala zaka osagwiritsidwa ntchito ndipo wogulitsa mwina sanaliyesepo. Pa Advance ikani yotuwa ndi yaifupi yomwe, kuti mutsimikize kuti kabatani kobisika kaja kakugwirabe. Dinani L ndi R kangapo, ndi mabatani amene amayamba kufa. Tsegulani ndi kutseka makina opinda mukuyang'ana polumikizira pake ngati pali mng'alu, ndipo muone ngati sikirini yapamwamba ikuphethira. Funsaninso za chaja: Advance SP ndi DS yoyamba zimagwiritsa ntchito chimodzi, DS Lite ili ndi chakechake, pomwe DSi ndi banja lonse la 3DS zimabwerekana. Sewerani kwa mphindi 10 makina ali osalumikiza ku magetsi, sevani, zimitsani, yatsaninso, muone ngati gemu ikupitirira pamene munasiyira musanatulutse ndalama m'thumba.